Lumbe waikira mazira m'munda: amachokera kuti, ndipo mazirawo muwatani?

Bambo wina amene amalima m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama watilembera imelo. Akuti akusosa munda kumapeto kwa Okutobala anavumbulutsa mbalame yofiirira imene inali pa mazira awiri, pansi penipeni popanda chisa. Madzulo ake, chisisira chitagwa, anaona mbalame ina ikuuluka chapansipansi ngati ikukoka tinsalu tiwiri toyera. Akufunsa ngati ili mbalame imodzi, chifukwa chake saziona nyengo yozizira, ndiponso chochita ndi mazirawo poti akufuna kutentha zinyalala ndi kupanga mizere. Ena pamudzi ayamba kale kunena kuti ndi malodza.

Bambo, ya tinsalu toyera ija ndi lumbe wamwamuna wa mtundu umene asayansi amautcha Caprimulgus vexillarius. Zimene munaona zikukokeka si mchira ayi. Ndi nthenga za m'mapiko, imodzi phiko lililonse. Kunsonga kwa phiko kuli nthenga zikuluzikulu khumi zoulukira, ndipo yachiwiri kuchokera m'kati ndi imene imatalika chotere nyengo yoswana. Thupi la mbalameyi ndi la masentimita 25 kapena kuposerapo pang'ono, koma nthenga imeneyi pa lumbe wachikulire imatha kupitirira masentimita 70. Imamera yotalikirapo chaka ndi chaka, kotero amene mwaona ali ndi zazifupi ndi wachinyamata. Kuswana kukatha, nthengazi zimathyoka kapena kuthothoka, ndipo pofika Januwale amuna ambiri amakhala ndi zitsa chabe.

Ya pamazira ija mwina ndi mkazi wake, koma tisathamangire. M'nkhalango za mitengo ya mombo ndi mchenga muli alumbe amitundu ingapo amene amaikira mazira awiri pansi nyengo yomweyi. Mukadzaivumbulutsanso mwangozi, yang'anani mapiko ndi m'makona mwa mchira pamene ikunyamuka. Wamkazi wa mtundu wa nthenga zazitali alibe choyera chilichonse pamenepo: mapiko ake ndi ataliatali, a mizere yofiirira ndi yakuda. Mukaona madontho oyera kapena oyererako paphiko ndi kumchira, ameneyo ndi wina, kawirikawiri Caprimulgus pectoralis, uja amaimba likhweru lomveka patali mwezi ukamawala. Malangizo a mazira ndi amodzimodzi kwa onsewa.

Chifukwa chimene simumuona mu Juni n'chakuti kulibe kuno. Lumbe ameneyu amakhala miyoyo iwiri, wina kumpoto kwa equator (mzere wogawa dziko lapansi pakati), wina kummwera. Kuyambira cha mu Malichi mpaka Ogasiti amakhala m'madambo ndi m'matchire a kumpoto, kuchokera ku Nigeria kudutsa Cameroon, Central African Republic, kumpoto kwa Congo, South Sudan mpaka Uganda, kumene miyezi imeneyo ndi ya mvula. Mu Seputembala ndi Okutobala amatsikira kuno kudzaswa: Malawi, Zambia, Angola, Zimbabwe, Mozambique, kummwera kwa Tanzania, mpaka cha ku Punda Maria kumpoto kwa Kruger National Park ku South Africa. Pofika Febuluwale ndi Malichi wabwerera. Chimene akutsata ndi tizilombo touluka. Amafika kuno kukadali lupsa, amaikira mazira mvula isanayambe kapena itangogwa ya chizimalupsa, kuti anapiye akule nthawi imene ngumbi zikutuluka m'zulu ndipo zikumbu zachuluka.

Musamusokoneze ndi lumbe wa ku Ulaya, Caprimulgus europaeus, amene nayenso amafika kuno cha mu Novembala n'kuchoka mu Malichi. Ameneyo saswa kuno, ndipo akakhala kuno saimba kwenikweni.

Kadyedwe kake n'kamene kamafotokoza makhalidwe ake onse. Mlomo wake ndi waung'ono, koma akayasamula kamwa limafika kunsi kwa maso. Amagwira chakudya ali m'malere: zikumbu, ngumbi, agulugufe ausiku. Ngakhale madzi amamwa akuuluka, kungokhudza pamwamba pa dziwe. Sasaka ndi mawu monga mleme, amasaka ndi maso, ndipo maso amafuna kuwala ndithu ngakhale kochepa. N'chifukwa chake amatanganidwa chisisira ndi mbandakucha, ndipo pakati pa usiku amasaka bwino pokhapokha mwezi ukakhalapo. Akazi amaikira mazira mwezi uli pafupi kukhwima kapena utakhwima. Werengani nokha: amakhalira mazira masiku 15 mpaka 18, ndiye anapiye amaswa kuli mdima, akadali ang'ono osadya zambiri. Mwezi umatenga masiku 29 ndi theka kuti ukhwimenso, ndipo pamenepo anapiye ali ndi masabata awiri, njala yawo ili pachimake, mayi akutha kusaka usiku wonse.

Wamwamunayo ntchito yake ndi kudzionetsa basi. Amasankha bwalo, malo oyera pakati pa mitengo pokhala chulu, mwala kapena chitsa. Dzuwa likangolowa amazungulira pamenepo nthenga zija zikuvinavina m'mbuyo, kenako amatera pachulu, n'kutambasula mapiko akunjenjemeretsa. Nyimbo yake ndi yopyapyala kwambiri, tsi-tsi-tsi-tsi wofulumira amene ambiri amamuyesa kachilombo ka m'udzu. Ndi wamitala: amakwera akazi angapo, koma sakhalira mazira ndipo sadyetsa ana. Zonsezo ndi za mayi yekha, ndipo apa mpamene nkhani ya munda wanu yavutira, chifukwa wamkazi akathawa palibe womulowa m'malo.

Mazirawo musawasunthe. Lumbe amabwerera pamalo enieni pamene anaikira, ndipo mukawaika pamthunzi wa mtengo wina, ngakhale mwa chifundo, mwangowataya. Musawamangirenso kachisa kapena kuwatchingira ndi miyala. Chitetezo chawo chonse ndi kusaoneka: mazira ofiirira a mawangamawanga pa dothi ndi masamba ouma, ndi mayi amene amakhala duu, maso atatsinzina pang'ono, mpaka mutatsala pang'ono kumuponda. Chilichonse chachilendo pamenepo chimaitana akhwangwala ndi agalu.

Chitani izi. Zikani kamtengo mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi kuchokera pamazira, osati pambali pake penipeni, kuti inu mudziwe malowo koma ana ndi abusa asawazindikire. Siyani osalima malo a mamita pafupifupi 10 mbali zonse. Zinyalala zimene mukufuna kutentha zikokereni kutali, kumbali imene mphepo ikupita, ndipo lambulani kanjira kopanda udzu pakati pa moto ndi malowo. Moto wa mu Okutobala ndi woopsa kwa mbalame zoikira pansi kuposa wa mu Juni, chifukwa udzu wauma gwa ndipo mazira ali kale pansi. Ntchito ya pafupi ndi pamenepo muigwire m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Masana mayi amakhala pamazira kuwatchinga ku dzuwa, ndipo mukamuthamangitsa 12 koloko, dothi lotentha la mu Okutobala likhoza kupha mwana ali m'dzira. Akavumbuluka, chokanipo msanga mupite kutali kuti abwerere. Agalu asiyeni kunyumba.

Kudikira kwake si kwakutali. Masiku 18 a mazira mukaphatikiza ndi masabata atatu oti anapiye ayambe kuuluka, zonse sizipitirira masabata asanu ndi limodzi, ndipo mwina ena mwa masikuwo adutsa kale. Munda wonse mutha kupanga mizere, kachigawo ako n'kudzamaliza pambuyo. Mukadzapeza zikamba zokha anapiye palibe, musadandaule. Amaswa ali ndi ubweya, maso ali otseguka, ndipo pakangopita tsiku limodzi kapena awiri amayamba kusuntha pang'onopang'ono kutsata mthunzi. Pamenepo muziyenda mukuyang'ana pansi. Mayi akamagwagwa patsogolo panu akukoka phiko ngati lathyoka, sanavulale, akukukokerani kutali ndi ana. Bwererani njira imene munadzera.

Za malodzazo, ife sitikuonapo chifukwa choopera. Mbalame yobwera mwezi womwewo chaka chilichonse, yodya tizilombo, yosakhudza nkhuku kapena chimanga, ikungotsata nyengo yake. Maso ofiira amene amawala mukamuunika ndi tochi ndi chifukwa cha kachigawo ka kuseri kwa diso kamene kamabweza kuwala, monga zilili ndi mphaka.

Amene akufuna kumuonera wamwamuna, afike pabwalo lake theka la ola dzuwa lisanalowe, cha m'ma 5 koloko mu Okutobala, akhale pansi m'mphepete moyang'ana kumadzulo kuti mbalame ioneke pa thambo lowala. Masewero enieni satenga nthawi, mdima ukangothina atha. Tochi muigwire pafupi ndi diso lanu kuti muone kuwala kwa maso ake, koma musamuunike nthawi yaitali.

Oyendetsa galimoto ndi njinga zamoto m'misewu yafumbi ya ku Dzalanyama, Kasungu kapena Nkhotakota adziwe kuti alumbe amakonda kutera pamsewu, chifukwa pamenepo thambo ndi loyera ndipo tizilombo todutsa timaoneka bwino. Nyali zowala zimawathobwa m'maso, amanyamuka mochedwa, ena amalunjika kugalimoto komweko. Mukaona kadontho kofiira patsogolo, chepetsani liwiro ndi kutsitsa nyali. Wogundidwa koma ali moyo muikeni m'katoni yoboola timabowo, pamalo amdima ndi ozizira, osamuthira madzi kapena kumukakamiza chakudya m'kamwa chifukwa amatsamwa. Ngati wangochita chizungulire, mutsegulireni katoniyo chisisira pafupi ndi pamene munamutola. Ngati phiko lathyoka, dziwitsani a nthambi yoona za nyama zakutchire kapena a Lilongwe Wildlife Centre.