Nyimbo zitatu zimene sindinatope nazo chiyambire zaka za m'ma 1990

Achemwali, mwafunsa kuti ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 tikutchulireni nyimbo za alternative rock ndi pop zimene timazikondabe, komanso kuti munthu amene sanazimvepo ayambire pati. Anzathu ambiri ayankha kale ndi mayina ochuluka, choncho ine ndisankha zochepa, koma ndifotokoze chimene chimandibwezera kwa izo ngakhale papita zaka zoposa makumi atatu.

Poyamba dzina lakuti alternative linkanena za magulu oimba amene ankajambula nyimbo zawo kumakampani ang'onoang'ono, ndipo ku America ankamveka makamaka pa mawailesi a ophunzira a m'makoleji, osati pa mawailesi akuluakulu. Zinthu zinatembenuka mu September 1991 pamene gulu la Nirvana linatulutsa chimbale cha Nevermind, chimene pofika January 1992 chinachotsa chimbale cha Dangerous cha Michael Jackson pa nambala wani ku America. Ine nthawi imeneyo sindinkadziwa chilichonse cha zimenezi. Kwathu wailesi inkalira Jim Reeves, Don Williams ndi Lucky Dube, ndipo nyimbo ndikunenazi zinafika m'nyumba mwathu pa makaseti atatu amene msuweni wanga anabwera nawo kuchokera ku Johannesburg. Tinkabweza tepi ndi bolopeni pofuna kusunga mabatire, ndipo akafooka tinkawayanika padzuwa kuti atipirireko madzulo amodzi. Wailesi ya kanema ya dziko lathu inayamba mu 1999, motero kwa zaka zambiri oimbawa sindinkawadziwa nkhope. Ndinawakonda ndi khutu lokha, ndipo ndimakhulupirira kuti n'chifukwa chake anandilowa mumtima kwambiri.

Yoyamba ndi Losing My Religion ya gulu la R.E.M. la mumzinda wa Athens, m'chigawo cha Georgia, imene inatuluka mu 1991 pa chimbale cha Out of Time. Chimene chimakukoka poyambirira si gitala wamagetsi ayi, koma mandolin amene ankaimba Peter Buck, kachida kazingwe kolira mopyapyala, koti khutu lozolowera banjo limakalandira msanga ngati mlendo wodziwika. Mayi anga atamva dzina la nyimboyi anada nkhawa, poganiza kuti ikulimbikitsa ana kusiya tchalitchi, ndipo kasetiyo inakhala masiku angapo itabisidwa m'sutikesi yawo. Patapita zaka ndinadzamva kuti kumwera kwa America mawuwa amatanthauza kufika pamapeto pa kupirira, ndipo Michael Stipe, amene amaiyimba, anafotokoza kuti ndi nyimbo ya munthu wokonda wina amene sakumubwezera chikondicho. Mukaimvetsera bwino mudzaona kuti munthuyo akuzungulirazungulira, akuopa kuti walankhula zambiri, kenako akuopanso kuti sanalankhule zokwanira. Aliyense amene analembapo kalata yofunsira n'kuing'amba asanaitumize amaudziwa mtima umenewo.

Yachiwiri, imene ndimaiika pamwamba pa zonse, ndi Zombie ya The Cranberries, gulu la mumzinda wa Limerick ku Ireland. Achinyamata ambiri lero amaiyimba mokweza pamasewero ndi m'maphwando osadziwa kumene inachokera, ndipo zimenezi zimandipweteka pang'ono. Pa 20 March 1993 mabomba a IRA, gulu la zida limene linkamenyera kuti Northern Ireland ichoke m'manja mwa Britain, anaphulika mumsewu wa masitolo m'tauni ya Warrington ku England, n'kupha anyamata awiri, wina wa zaka 3 ndi wina wa zaka 12. Dolores O'Riordan, mayi amene ankatsogolera kuimba m'gulu la The Cranberries, analemba nyimboyi chifukwa cha imfa za ana amenewa, ndipo inatuluka mu 1994 pa chimbale cha No Need to Argue, nkhondo ya ku Northern Ireland isanathe, pakuti pangano la mtendere linasainidwa mu 1998. Gululi linkadziwika ndi nyimbo zofatsa monga Linger, koma apa magitala analemera ngati mabingu a mvula yoyamba. Chimene chimandigwira kwambiri ndi mawu a mayiyu, momwe amathyokera pakati n'kukwera mwadzidzidzi. Tsiku loyamba kuimva sindinkamva bwino Chingerezi chake, komabe ndinazindikira kuti uku n'kulira, chifukwa umo ndi mmene amalirira amayi pasiwa pamene bokosi likutuluka m'nyumba. Atamwalira ku London mu January 2018 ali ndi zaka 46, ndinaimvetsera usiku wonse, ndipo ndinaona kuti mkwiyo wake sunazilale ngakhale pang'ono.

Yachitatu ndi Fast Car ya Tracy Chapman, ya mu 1988. Ena anena kuti imeneyi si rock, ndipo sindikangana nawo, koma popeza mwatchulanso pop, sindingaisiye. Pa 11 June chaka chomwecho ku bwalo la masewero la Wembley ku London kunali mwambo wa zoimba wokumbukira zaka 70 za kubadwa kwa Nelson Mandela, iye akadali m'ndende. Stevie Wonder atachedwa kukwera pansanja chifukwa cha vuto la zipangizo, mtsikanayu anatulukanso yekha ndi gitala wake pamaso pa chinamtindi cha anthu, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina lake linamveka padziko lonse. Nkhani ya m'nyimboyi ndi ya mtsikana amene anasiya sukulu kuti asamale bambo ake okonda mowa mayi atachoka, napeza ntchito m'sitolo, n'kumalota zothawira kutauni ndi bwenzi lake, koma pamapeto pake mwamunayo nayenso anasanduka wa kumowa. Nkhani yotereyi sifuna womasulira, pakuti tonse tili naye mlongo kapena mnzathu wa kusukulu amene anayenda njira imeneyo. Mu 2023 woimba wa country Luke Combs anaiyimbanso ndipo inatchukanso kwambiri, koma inu muyambe ndi ya mwiniwake, imene gitala wake amabwereza kachigawo kamodzimodzi ngati munthu woyenda mtunda wautali wapansi.

Za Nirvana ndinene maganizo anga mosabisa. Smells Like Teen Spirit ndi imene inatsegula chitseko, ndipo njira yake yoyamba mwakachetechete kenako n'kuphulika, imene Kurt Cobain, woimba wamkulu wa gululi, anavomera kuti anatengera ku gulu la Pixies, inatsanziridwa ndi magulu osawerengeka. Komabe ine ndimakonda kwambiri zimene anaimba pa MTV Unplugged, pulogalamu ya pa kanema yoimba ndi magitala osakhala amagetsi, ku New York mu November 1993, miyezi yochepa asanamwalire mu April 1994 ali ndi zaka 27, chifukwa phokoso litachepa ndi pamene umamva kuti mnyamatayu anali ndi luso lenileni lopeka nyimbo. Creep ya Radiohead ya mu 1992 ndi yabwino, koma gululi linadzachita zoposa pamenepo pa chimbale cha OK Computer cha mu 1997.

Popeza mwafunsa poyambira, ndikupempheni kuti musangodumphadumpha pafoni masekondi ochepa uku ndi uko. Oimba a nthawi imeneyo ankasanja nyimbo m'chimbale mwadala, kuti ina ikonzere njira inzake. Mutenge Automatic for the People ya R.E.M. ya mu 1992, muvale mahedifoni madzulo ana atagona, muimvetsere kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Nyimbo yachinayi pa chimbalecho ndi Everybody Hurts, imene inapekedwa ndi mawu osavuta mwadala kuti wachinyamata amene wataya mtima aimve msanga. Mukafika pamenepo mudzabwerenso muno mudzatiuze mmene mwaimvera, ndipo ndidzakutchulirani za The Cure ndi The Smiths, zimene lero ndazisiya dala.