Keke ya Mwana Wokonda Mpira: Pangani Bwalo

Masiku apitawa ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene mwana wawo akukwanitsa zaka 8 Loweruka likubwerali. Mnyamatayo nkhani yake ndi mpira basi, ndipo wapempha keke yooneka ngati mpira wamiyendo. Mayiwa akuti anayesapo chaka chatha, koma kirimu anasungunuka n'kuyenderera m'mbali, ndipo mtundu wakuda unatuluka wotuwa ngati phulusa. Akufunsa kuti atani kuti ulendo uno zisachitikenso.

Mayi, ndikuuzeni mosapita m'mbali: ulendo uno usiyeni mpirawo, pangani bwalo lake. Keke yooneka ngati mpira imaphikidwa m'mbale yakuya yozungulira, pamoto wochepa wa madigiri pafupifupi 160 kwa nthawi yaitali, ndipo kwa amene sanazolowere, kunja kumapserera mkati musanapse. Ndiye pali zigamba zija. Mpira wakuda ndi woyera umene ana amajambula, womwe unatchuka pa World Cup ya 1970 ku Mexico ndi dzina loti Telstar, uli ndi zigamba 32: zakuda 12 za ngodya zisanu, zoyera 20 za ngodya zisanu ndi imodzi. Chimodzi chikangopendekeka, zinzake zonse zimasokonekera. Pamene bwalo ndi keke wamba ya ngodya zinayi, ndipo mwana amalizindikira akangoliona.

Za kusungunuka kuja, ndikukhulupirira kuti munapaka kirimu keke idakali yofunda. Batala sachedwa kusungunuka, ngakhale kutentha kwa m'manja mwanu kumakwanira. Phikani Lachisanu, keke izizire kotheratu, muikulunge bwino igone. Kirimu wake ndi magalamu 250 a batala wofewa, magalamu 500 a shuga waufa (icing sugar) wosefa, ndi masupuni awiri a mkaka. Yambani mwamenya batala yekha kwa mphindi zisanu mpaka ayere, kenako muzithira shuga pang'onopang'ono. Poyamba pakani kirimu wochepa kwambiri, woti keke izionekerabe mkati, kuti agwire nyenyeswa zonse. Ikani mufiriji kwa mphindi 30. Ambiri amadumpha pamenepa chifukwa chofulumira, n'chifukwa chake kapinga wawo amadzaza timadontho ta keke.

Kapingayo ndiye mbali imene ine ndimaikonda. Patulani kaye kirimu woyera pang'ono wa mizere ndi kampira, wotsalayo mugawe pawiri, wina akhale wobiriwira pang'ono, wina wobiriwira kwambiri, ndipo muwapake mosinthanitsa m'mizere yopingasa, monga limaonekera bwalo lotchetchedwa kumene. Pezani utoto wa chakudya wolimba, wa gel, muziutapa ndi nsonga ya kamtengo kotokosera m'mano. Wamadzimadzi umafuna wambiri ndipo umafewetsa kirimu. Ngati muli ndi kachitsulo kofinyira kirimu ka timabowo tambiri, ka nambala 233, kamatulutsa udzu wokongola zedi, koma foloko nayo imatha: igunditseni pa kirimu n'kukokera m'mwamba pang'ono, mobwerezabwereza.

Mizere yoyera musaijambule mongoganizira. Lembani kaye ndi kamtengo kaja, mzere wapakati ndi mabokosi awiri a kugolo, ndipo pakati dindani ndi kukamwa kwa kapu yaing'ono. Mukatero ikani kirimu woyera m'kathumba ka pulasitiki, dulani kangodya kakang'ono kwambiri, n'kutsatira m'mene mwalembamo. Dzanja likwere pang'ono kuti mzere uzigwa wokha ngati ulusi.

Magolo ndimapanga ndi chokoleti choyera chosungunula, kujambula mapolo ndi ukonde pa pepala lophikira, n'kuumitsa mufiriji. Pangani anayi ngakhale mukufuna awiri. Nditayamba kumene ndinapanga awiri okha, ndipo limodzi linathyokera m'zala zanga alendo atafika kale pakhomo. Zinandiwawa kwambiri poona mwana akuyang'ana bwalo la golo limodzi.

Tsopano zakuda zija. Kirimu woyera ukamuthira utoto wakuda amatuwa, ndipo ukawonjezera amayamba kuwawa. Tengani masupuni atatu a kirimu, sakanizani ndi ufa wa koko (cocoa) mpaka aderetu, kenako mudonthezemo utoto wakuda pang'ono. Chitani zimenezi Lachisanu madzulo, chifukwa mtundu umakhwima ukagonera. Wochepayu akukwanirani kulembera dzina la mwana ndi nambala 8 m'mbali mwa keke, ngati kumsana kwa jezi, komanso kampira koika pakati. Kampirako ndi bisiketi yozungulira yopaka kirimu woyera: chigamba chimodzi chakuda cha ngodya zisanu pakati, timizere tisanu tochoka m'ngodyamo, kwatha.

M'makona anayi muzikemo timbendera ta pepala ta mitundu ya timu imene mwana wanu amasapota. Mufunseni yekha mitunduyo, musangoganiza. Loweruka tulutsani keke mufiriji kutatsala ola limodzi kuti kirimu afewe, muiike pamthunzi, ndipo musanadule zulani timitengo ta mbendera tonse tinayi, muwerenge, kuti kasatsale kena m'gawo la mwana.