Lamba wa chigayo adadula zala ziwiri: kodi K50,000 yakwana?

Funso: Achimwene anga amagwira ntchito pachigayo china ku Santhe. Mwezi wathawu lamba adawakola dzanja, zala ziwiri n'kuduka. Mwini chigayo adapereka K50,000 ya pepani, ati nkhani yatha chifukwa achimwene ndiwo sadasamale. Kodi n'zoona? Wowerenga wa ku Santhe, Kasungu.

Yankho: Ayi mayi, nkhaniyi sinathe. Lamulo la Workers' Compensation Act la mu 2000 limati wovulala ali pantchito alandire chipukuta misozi kuchokera kwa womulemba ntchito, ndipo safunika kuonetsa kuti bwana ndiye adalakwa. Kuphonya pang'ono pogwira ntchito sikuchotsa ufuluwu. Zimene zingausokoneze ndi monga kudzivulaza dala kapena kugwira ntchito utaledzera.

Pitani ndi achimwene anuwo ku ofesi ya leba pa boma la Kasungu sabata ino. Mwini chigayo ndiye amayenera kukanena za ngoziyi, koma ambiri amangoti zii, choncho musamudikire. Lamulo limapereka miyezi 12 yokha yodandaulira, ndipo mboni zimabalalika msanga. Tengani chiphaso cha unzika, kabuku ka kuchipatala, ndi chilichonse choonetsa malipiro awo, kaya ndi tsamba la buku limene amasainira, kaya mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba. Lembaninso mayina a anthu amene ankagayitsa tsikulo.

Tsegulani kabukuko muone zimene adalemba tsiku loyamba. Ngati adangoti “bala padzanja” osatchula chigayo, bwererani mukafotokoze bwino. Apa ndi pamene ambiri amagwera, poti bwana amadzati munthu adavulalira kwawo.

A leba adzakupatsani fomu yopita nayo kwa dokotala. Dokotalayo ndiye amalemba kuti chilemacho chachepetsa mphamvu zogwirira ntchito ndi maperesenti angati. Musathamangire kuyezedwa bala lisanapole, chifukwa kuuma kwa zala zotsalazo kumaoneka pambuyo pake, ndipo nako kuyenera kuwerengedwa.

Kawerengedwe kake n'kotere. Wolumaliratu moti sangagwirenso ntchito amalandira malipiro a miyezi 54, ndipo akamwalira banja lake limalandira a miyezi 42. Wolumala chiwalo chimodzi amalandira gawo la miyezi 54 ija. Tiyerekeze kuti achimwene amalandira K150,000 pamwezi ndipo dokotala walemba 10 peresenti: K150,000 kuchulukitsa ka 54 ndi K8,100,000, gawo lawo n'kukhala K810,000. Ndalama za mankhwala ndi chithandizo cha kuchipatala n'zapadera, ndipo wolipira ndi mwini chigayo yemweyo, ndiye sungani malisiti onse.

K50,000 ija musaibise, auzeni a leba kuti idalandiridwa. Koma achimwene asasaine kapena kudinda chala papepala lililonse lakuti alibenso mangawa ndi bwana wawo. Ndalama yotsalayo idzaperekedwe kudzera ku ofesi ya leba, polembedwa, osati kuseri kwa chigayo.