Makina otsuka mbale mukawadzaza: yankho kwa achemwali a ku Chirimba

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati makinawo munagula kwa anthu amene amasamuka, ndi aja olembedwa 12, pakhomo mulipo anthu asanu ndi awiri, ndipo bambo a kunyumba safuna kuti muziwayatsa asanadzaze poopa mayunitsi. Koma mukadzaza, mbale zikutuluka ndi tinsima touma, matambula ali ndi zinthu ngati mchenga, mpaka mwayamba kuganiza kuti anakugulitsani chakufa. Anga ndakhala nawo zaka zinayi kuno ku Kanjedza, ndiye ndikuuzeni zimene ndaona ndi maso.

Pa nkhani ya mayunitsi, bambowo sakunama. Makinawa amatunga madzi pafupifupi ofanana kaya muikemo mbale zisanu kaya makumi atatu, ndipo chimene chimadya magetsi kwambiri ndi kutenthetsa madziwo. Makina a masiku ano pa pulogalamu yosunga magetsi ya Eco amatha malita 9 mpaka 12 ndi yuniti imodzi kapena kucheperako pang'ono. Pa pulogalamu ya mapoto, ija yofika 70°C, muwerengere yuniti imodzi ndi theka. Batani la Half Load, lija la katundu wa theka, ngati lilipo limapulumutsa pang'ono chabe, osati theka ayi. Ndiye kudzaza n'koyenera, makinawo anawapangira zimenezo. Vuto ndi lakuti ife tikati kudzaza timatanthauza momwe kondakitala amadzazira minibasi ya ku Limbe madzulo, wina pa mwendo pa mnzake, thumba la chimanga pansi pa mpando. Mbale sizitsukika choncho.

Nambala 12 ija imanyenga anthu ambiri. Amawerengera tebulo la ku Ulaya: munthu mmodzi mbale yaphwatalala, mbale ya supu, kambale kakang'ono, kapu ndi sosala yake, tambula, mpeni, foloko ndi masupuni. Zambiri mwa izi ndi zopyapyala, zimaima pa mzere ngati mabuku pa shelefu. Tsono yang'anani zimene zimachoka pa tebulo lanu: mbale zakuya za ndiwo, mabakuli ndi zivindikiro zake, poto wa nsima, poto wa nyemba, chiwaya, kabeseni kosambira m'manja. Bakuli limodzi limatenga malo a mbale zaphwatalala zinayi kapena zisanu. Makina a 12 pa banja lodya nsima ngati lanu amakwana chakudya chimodzi chachikulu kuphatikiza makapu a m'mawa, mapoto awiri osapitirira. Mukafuna kuti za tsiku lonse zilowe ulendo umodzi, mudzatsuka kawiri.

Mwina muyambe mwatulutsa thireyi ya pansi n'kusuzumira mkati. Muona mkono wapulasitiki kapena wachitsulo wokhala ndi timabowo, wina ngati womwewo uli kunsi kwa thireyi ya pamwamba. Makinawa saviika mbale m'madzi monga timachitira mu beseni. Amatunga malita atatu kapena anayi, pampu n'kumakankha madzi omwewo kudzera m'timabowo tija, mikono n'kumazungulira chifukwa cha mphamvu ya madziyo. Madzi amagwera pansi, amadutsa pa sefa, n'kukwezedwanso. Akada amatayidwa, ena n'kulowa. Ndiye mbale imene madzi sanaiwombe kumaso kwake sinatsukidwe, ngakhale itakhalamo maola atatu. Ndipo chilichonse chimene mwasiya pa mbale chimazungulira ndi madziwo kukagwera pa zinzake. Mchenga wa m'matambula mwanu uja ndi umenewo: tinyenyeswa ta nsima ndi mpunga timene sefa yalephera kugwira.

Ine ndinaphunzira movutika. Tsiku lina tinali ndi zokambirana za chinkhoswe cha mwana wa achimwene, anthu anadya kwathu oposa khumi ndi asanu. Usiku nditatopa ndinangoti zonse zilowe. Mbale ndinaika ziwiriziwiri pa mpata umodzi, mabakuli ndinavindikira pamwamba pa makapu, supuni yaikulu yopakulira ndinaigoneka pena pake m'mbali. Chitseko chinatseka movuta koma chinatseka, ndinakagona ndikudzitama. M'mawa kutsegula, nthunzi fuu, fungo la sopo labwinobwino, koma mbale zonse za pansi zili ndi nsima youma gwa ngati simenti, thabuleti ya sopo yasungunuka theka ili phwii pa chivindikiro cha poto. Chogwirira cha supuni ija chinali chitatsikira kunsi kwa thireyi n'kutchinga mkono wapansi. Maola onse aja mkonowo unkapopera malo amodzi, kutenthako n'kumawotchera nsima pa mbale zina zonse. Ndinakhala m'mawa wonse ndikupala ndi sitiliwulu, mlamu wanga ataima pakhomo la khitchini akuseka kuti makina a azungu agonja ndi mgaiwa. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kuyambira tsiku limenelo sinditseka chitseko ndisanazungulitse mikono yonse iwiri ndi chala. Ikagunda chinthu, ndimasuntha chinthucho.

Kaikidwe kake ndi aka. Mbale iliyonse pa mpata wake, kumaso kwake kuyang'ane pakati pa makina, ndipo pakati pa mbale ndi inzake muzitha kulowetsa chala. Mbale zakuya muzidumphitsa mpata umodzi, chifukwa zikayandikana zimakumbatirana, madzi n'kumangodutsa m'mphepete. Mapoto ndi mabakuli pansi, chozondoka koma chopendekeka pang'ono, ndipo musaike kanthu pamwamba pawo kapena kubisa kambale kunsi kwawo. Poto wamkulu akakhala pakati penipeni amamwa yekha madzi onse, ndiye muzimukankhira kumbuyo kapena m'mbali. Thabwa lodulirapo ndi mathireyi aatali aziima m'mbali, osati kutsogolo, chifukwa kutsogoloko ndi kumene kachitseko ka sopo kamatsegukira. Makapu ndi matambula pamwamba. Masupuni m'kabasiketi muwasakanize ndi mafoloko, ena mutu m'mwamba ena pansi, apo ayi amagonerana awiriawiri n'kutuluka ndi phala pakati. Mipeni nsonga pansi, makamaka poti muli ndi ana. Timakontena topepuka ta majarini timene timasungira ndiwo zotsala timatembenuka n'kudzaza madzi akuda, ndiye muzitipanikiza ndi kapu kapena mungotitsuka pa manja.

Tsopano nsima, chifukwa apa ndi pamene mabuku a makinawa satithandiza. Amalemba kuti musatsukuluze mbale, ingopalani zotsala. Kwa ndiwo zamafuta, msuzi wa nyama, mazira, ndi zoona ndithu: sopo wa makinawa ali ndi mankhwala ogaya zakudya, ena ogaya sitachi ena ogaya za nyama ndi mazira, ndipo amagwira bwino akapeza chogaya. Koma nsima ikauma pa mbale imasanduka guluu, ndipo nkhoko za m'poto si ntchito ya makina. Poto wa nsima mukangomaliza kuomola muthireni madzi monga amayi anatiphunzitsira, nkhoko zifewe, muzipale, kenako alowe m'makina kukachotsa zotsalira zokha. Kunena zoona ine poto wa nsima sindimuikamo n'komwe, pofika pomwe ndapala nkhoko ntchito yatha kale, ndipo malo akewo amakwana mbale zisanu ndi imodzi. Mbale zodyera muzipale nthawi yomweyo anthu akangodzuka pa tebulo. Minga ya chambo, mitu ya usipa, makoko a tomato, njere za mpunga, masamba a tiyi, zonsezi zipite mu bini. Njere imodzi ya mpunga imakwana kutseka bowo la mkono. Ndiwo zotendera ndi thelele zikauma nazonso zimakakamira, koma zikalowa zikadali zonyowa zimachoka bwinobwino.

Kudikira kuti makina adzaze kuli ndi vuto lake kuno kwathu. Mbale za m'mawa zikakhala mpaka usiku m'mwezi wa October zimauma, zimanunkha, mphemvu n'kumva. Chitseko chizikhala chotseka, ndipo ngati makina anu ali ndi pulogalamu yongotsukuluza, ija ya mphindi 10 kapena 15 ya madzi ozizira yopanda sopo, muziiyatsa masana. Siitenthetsa madzi, ndiye bambo asadandaule, pa mita sipaoneka kanthu kwenikweni.

Poti makinawo ndi ogula kwa ena, ndikukayikira kwambiri sefa. Ili pansi pakati, mumaipotokola n'kuizula. Anthu ambiri amagulitsa makina asanaitsegulepo chigulireni. Mukaizula musadabwe ndi zimene mupezemo. Itsukeni pa mpopi ndi mswachi wakale ndi sopo wa mbale, ndipo pa banja ngati lanu muzitero sabata iliyonse. Mikono nayo imazuka. Iyang'aneni pa dzuwa, bowo lililonse lotsekeka mulitokose ndi kamtengo kotokosera m'mano, muthire madzi mkati n'kukhutchumula. Kumbuyo, pamene payipi ya madzi imalumikizana ndi mpopi, pali kasefa kena kakang'ono. Madzi athu ambiri amachokera mu Shire ku Walker's Ferry, amachita kupopedwa kukwera mtunda wonse uja, ndipo akasiya n'kubweranso, oyambirira aja amabwera ndi dothi la m'mapayipi. Muziyamba mwatsegula mpopi wa pa sinki mpaka ayere musanayatse makina, ndipo kasefa kaja muzikachotsa dothi mwa apo ndi apo. Ngati mumadalira thanki, dziwani kuti makina ambiri amafuna mphamvu ya madzi yosachepera theka la bar, ena bar yathunthu. Thanki yokwera mamita 5 pamwamba pa makina imapereka theka la bar basi. Ya pa kansanja kafupi imachedwetsa kutunga, makina ena amangoima n'kuyatsa kagetsi ka mpopi.

Pulogalamu nayo muisankhe molingana ndi katundu. Ija ya mphindi 30 ndi ya makapu a tiyi ndi matambula a alendo, siyingathe mbale za nsima zodzaza makina. Eco imatsuka bwino katundu wodzaza chifukwa imaviika nthawi yaitali pa 50°C, koma imatenga maola atatu mpaka anayi, ndiye muziona kaye ndondomeko ya magetsi ya dera lanu. Magetsi akazima pakati, makina ambiri amapitiriza pomwe analekera akayakanso, koma madzi amakhala atazizira ndipo zimene zinayamba kufewa zaumanso. Tsiku limene magetsi sakudalirika ndimasankha ya 65°C yofupikirapo n'kuchepetsako katundu. Pa inveta yaing'ono ya magetsi ounikira ndi TV musayese n'komwe, chotenthetsera madzi chimakoka mawati pafupifupi 2,000.

Sopo ndiye wodula, walira mvula walira matope. Mathabuleti amapezeka m'masitolo aakulu a m'tauni ndi ku Chichiri, ena amaitanitsa kwa opita ku Johannesburg. Makina akadzaza ikani yathunthu, kudula pakati kumagwira pa katundu wochepa wosada kwambiri. Sopo wamadzi wotsukira pa manja kapena wa ufa wochapira zovala musathiremo ngakhale pang'ono: thovu limadzaza makina, pampu imalephera kukankha madzi, khitchini yonse n'kusanduka dambo. Rinse aid, mankhwala amadzimadzi otsukuluzira, imathandiza kuti madzi atsetsereke pa matambula osasiya madontho. Za mchere wa makina, uja woletsa zoyera zokakamira za m'madzi, yang'anani m'ketulo yanu. Ngati mkati mumachita zoyera zokakamira, makamaka kwa amene amagwiritsa ntchito madzi a pa mjigo, mchere ukufunika, ndipo ndi wake wa makina, osati wa m'ndiwo.

Pali zina zimene mukazichotsa pa mndandanda malo amapezeka okha. Mthiko ndi chipande zimang'aluka ndi kutentha. Masefuliya a aluminiyamu a kumsika amada n'kuchita mbuu, sabwereranso. Mabakuli osunga kutentha aja ndi mafulasiki madzi amalowa pakati pa makoma ake. Mbale zamalata zimene zinasupuka zimachita dzimbiri posupukapo. Zonsezi ndi mphindi zisanu pa sinki. Za pulasitiki zikatuluka zonyowa musati makina afa, pulasitiki siisunga kutentha ndiye siiuma msanga. Potulutsa muziyamba ndi thireyi ya pansi kuti madzi a pa matako a makapu asadonthere mbale zouma.

Musanaitane amisiri kapena kukakangana ndi amene anakugulitsani, yesani izi Loweruka. Tsukani sefa ndi mikono, ikani mbale monga ndanenera, poto wa nsima akhale panja, ndipo mulozetse mikono yonse iwiri kuchitseko musanatseke. Pakatha mphindi khumi tsegulani pang'onopang'ono muone ngati yasuntha. Pakatha theka la ola tsegulaninso, nkhope mutaitalikitsa: pazituluka nthunzi, mbale zizitentha pozikhudza. Mikono ikakhala pomwe munaisiya pomwe palibe choitchinga, mwina vuto ndi pampu. Madzi akakhala ozizira, mwina chotenthetsera chinapsa, ndipo mmisiri wodziwa makina ochapira zovala amatha kuchiyeza ndi mita yake musanagule china. Zonse ziwiri zikakhala bwino koma matambula akadali ndi mchenga, jambulani mathireyi onse awiri musanatseke chitseko mutitumizire tione chimene chikutchinga.