Thank ndi think ndi pachibale

Mdzukulu wanga wina wa Fomu 2 wandifunsa kuti: "Agogo, anzanga amandiseka ndikamati thank you, akuti zikumveka ngati thanki ya madzi. Ndikulakwitsa pati? Nanga mawuwa anachokera kuti?"

Vuto lili pa th, mwanawe. Ife th wathu ndi wa mu thobwa ndi thumba, lilime limagunda kuseri kwa mano mpweya n'kutuluka mwamphamvu. Eni ake a Chingelezi satero. Amaika nsonga ya lilime pakati pa mano n'kuuzira mpweya pang'onopang'ono, pakhosi pali zii. Tenga kalilole uyesere. Ngati lilime silikuoneka, ndiye kuti ukadali pa thanki. Kumapetoko n amamveka ngati ng' wa mu ng'ombe, k n'kutseka. Usawonjezerepo i.

Koma chimene ndikufuna usunge ndi gwero lake. Zaka zoposa 1,000 zapitazo, anthu a ku England ankati thancian pothokoza, ndipo thanc linkatanthauzanso ganizo. Ndiye kuti thank ndi think, lija la kuganiza, anatuluka m'mimba imodzi. Ajeremani amati danke. Dankie wa Chiafrikaans, amene amalume anga anabwera naye kuchokera ku migodi ya ku Johannesburg, ndi wa fuko lomwelo. Kwa makolo awo, kuthokoza munthu kunali kumusunga m'maganizo.

Nanga ife si mmene tinkachitira? Ndili mwana, mayi anga akapatsidwa lichero la ufa ndi anansi ankalandira ndi manja awiri atagwada. Sizinkathera pomwepo. Kukacha ankandidzutsa, mame asanaume, kuti ndiwaperekeze kukanena kuti "Zikomo chifukwa cha dzulo lija." Ine ndinkanyinyirika kuti tinathokoza kale. Iwo ankangondiyang'ana, ine n'kudzuka.

Inu a masiku ano, amalume akakutumizirani fizi pa foni kuchokera ku Joni, mumayankha ndi zilembo zitatu, thx, kapena kachithunzi ka manja basi. Munthu wagwira ntchito mwezi wathunthu m'dziko la eni! Ayi, zimenezo ndakana. Lilime ulikonze ndithu kuti anzako asiye kukuseka, koma amalume akowo uwaimbire, amve mawu ako. Ukalandira zotsatira za mayeso uwaimbirenso, uwauze mmene wakhozera, ngakhale masamu atakuvuta.