"Borrow me" sandipsetsa mtima, Aphunzitsi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene anaphunzitsa Chingerezi kusekondale kwa zaka zambiri, pano anapuma. Kalata yawo ndi yaitali, koma phata lake ndi ili: "Makutu anga atopa. Mdzukulu wanga wa Fomu 3 amati 'borrow me your pen', amati 'off the light', ndipo akamatuluka m'nyumba amati 'I am coming'. Pawailesi n'chimodzimodzi, pa WhatsApp ndiye musachite kunena. Kodi inu sizikunyansani, kapena ndangokalamba ine?"

Aphunzitsi, kukalamba ayi. Mwini wake amapuma pantchito, koma khutu la mphunzitsi silipuma. Zondinyansa ndili nazo, zambirimbiri, kungoti si zimene mwatchulazi.

Tiyambe ndi "borrow me". Kwathu kuno mneni ndi mmodzi. Timati ndabwereka khasu kwa achimwene, timatinso achimwene andibwereka khasu, ndipo palibe amene amasokonezeka kuti khasulo ndi la yani. Mwana akamati "borrow me" akunena "ndibwerekeni", wangoliveka jekete. "I am coming" ndi "ndikubwera" wathu uja, lonjezo loti musadandaule, sindikuchedwa. Kutuluka n'kungoti "ndapita" kumamveka ngati watsanzika ulendo wa ku Joni. Mdzukulu wanu sakuphonya chifukwa cha ulesi. Akuganiza bwinobwino, m'chilankhulo chimene anayamwira.

Ndimakonda kwambiri "sorry" wathu. Munthu akapunthwa pamsewu, ife timati pepani, ngakhale mwalawo sitinauike ndife. Mngerezi ukamuuza "sorry" pamenepo amakuyang'ana modabwa n'kukuuza kuti si iwe walakwa. Ameneyo ndiye ndikanakonda aphunzire kwa ife.

Za l ndi r mukuzidziwa kuposa ine. M'Chichewa zilembo ziwirizi sizisiyanitsa tanthauzo la mawu. Malamulo a kalembedwe amangoti r abwere pambuyo pa i kapena e, kwina konse l: kulira, kulera, kulola. Khutu lokulira mmenemo lilibe chifukwa chomvera kusiyana kwa "pray" ndi "play", n'chifukwa chake nthabwala ya mkulu wa mpingo woitana anthu kuti tisewere siitha. Koma mlendo amene amatiseka pamenepo mupatseni mawu oti mtengo, anene ngati ndi wa mango kapena wa pamsika. Ife timamva kusiyana kwa kamvekedwe kake popanda kuganiza n'komwe. Iye amangoti kakasi.

Zilipo zofunika kukonza, sindikukana. Funso loti "Sunadye?" ife timayankha "eya", kutanthauza kuti zoona, sindinadye. Mukatengera zimenezo m'Chingerezi, "yes" wanu akunena zosiyana ndi zimene muli nazo mumtima. Abale athu amene ali ku Britain kapena ku Johannesburg amadziwa mmene kakang'ono kameneka kamasokonezera nkhani pamaso pa dokotala kapena wapolisi. N'chimodzimodzi "he" ndi "she", poti ife tili ndi "iye" mmodzi. Ndipo mayeso ndi mayeso: wolephera Chingerezi satenga satifiketi ya MSCE ngakhale masamu ndi sayansi atakhoza chotani. Choncho mukonzeni mwanayo, koma muzimuuza kumene cholakwacho chachokera. Akadziwa kuti ndi "ndibwerekeni" amene akumukoka mwendo, sadzaiwala.

Komanso Chingerezicho sichinaime malo amodzi kudikira ife. Mu 2020 mtanthauziramawu wa Oxford English Dictionary unalowetsa mawu 29 a ku Nigeria. Mwa iwo muli "okada", kabaza wa njinga yamoto, ndi "next tomorrow", amene ndi mkuja wathu. Mawu amene mphunzitsi wa ku Lagos ankawadula ndi cholembera chofiira lero ali m'buku. Mwina "flash" wathu, uja woimba foni n'kudula msanga mayunitsi asanadyeke, tsiku lina adzapezekamo.

Tsopano zanga.

Chimene chimandidzutsa pampando ndi mtolankhani wa pawailesi amene wapita kumudzi kukacheza ndi agogo za mtengo wa feteleza, pulogalamu ya Chichewa, omvera ndi alimi, iye n'kuyamba: "Ndiye basically agogo, ma challenges amene mukufesa this season ndi otani?" Agogo aja amangoti "Ee?" Kapena amva "mukufesa" n'kuyamba kufotokoza za mbewu. Mawu oti mavuto alipo, oti chaka chino alipo, sanasamuke. Kubwereka mawu sindikudana nako. Foni, netiweki, sukulu, buledi, zonsezi tinazilandira ndipo zinakhazikika ngati mkamwini wabwino. Koma "basically" uja sanabwere kudzagwira ntchito. Wabwera kudzauza agogo kuti ine ndinapita kusukulu, inu ayi.

Matenda amenewa ndi akale, ndipo inu ndi ine tinawatengera kumodzi. Chichewa chinalengezedwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, koma Kamuzu mwini wake pamisonkhano ankalankhula Chingerezi, womasulira ali pambali. Mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, ana n'kumaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Mpaka lero malamulo a dziko amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Kusukulu kwathu wogwidwa akulankhula "vernacular" ankavekedwa chikatoni m'khosi mpaka atagwira mnzake womusiyira. Ine ndinachivalapo masiku atatu otsatizana, chifukwa mtima wosaka anzanga ndinalibe. Tinakula tikudziwa kuti nzeru zimayezedwa ndi chizungu. N'chifukwa chake munthu akalakwitsa Chingerezi pagulu, kavidiyo kake kamazungulira dziko lonse dzuwa lisanalowe, koma chikwangwani cha ofesi chikalembedwa m'Chichewa chopindika palibe amene amatsokomola.

Masewero ambiri a pa TV ndi timafilimu ta pa Facebook akungopitiriza zomwezo. Bwana, dokotala, mtsikana wokongola wa ku Area 43, onsewa chizungu. Wantchito wa m'nyumba, mlonda, malume ochokera kumudzi atanyamula nkhuku, amenewo ndiwo a Chichewa, ndipo ntchito yawo ndi kutiseketsa ndi umbuli. Ndaonera zokwana. Malume anga enieni sadziwa chizungu, koma akakhala pabwalo kuweruza mlandu wa malire a munda, loya angatenge kope n'kumalemba.

Pa zikwangwani paja ndiimepo pang'ono. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, ndipo ndi chida chothandiza ukachigwira ndi nzeru. Vuto ndi waulesi wa mu ofesi amene amaponyamo chidziwitso chonse, n'kutenga chotulukacho osachiwerenga, n'kukachimata pakhoma la chipatala kapena banki. Mawu onse ndi Achichewa, koma chiganizocho chikuyenda chammbuyo. Munthu yemweyo kalata ya Chingerezi amaiwerenga kanayi asanaitumize, mwina n'kupatsanso mnzake aione. Ya Chichewa akuti bola amva.

Foni nayo ili ndi mwano wake. Tsiku lina m'mawa ndinalembera mayi anga aang'ono kuti "Moni amayi". Foni inaona kuti ndalakwitsa, n'kundikonzera: "Money amayi". Anandiyankha kuti mwezi sunathe, ndipo amayembekezera kuti wotumiza ndine. Kuyambira tsiku limenelo autocorrect ndinaithimitsa, ndipo Aphunzitsi ndikukulangizani muchite chimodzimodzi. Mdzukulu yemweyo akuonetsani pochitira. Chilembo cha ŵ, chija cha m'dzina la dziko lathu, ambiri sadziwa n'komwe kuti angachipeze pati pa kiyibodi. Kankhodolero ka mu ng'ombe nako kakutha, anthu akungolemba ngombe. Izi zimandiwawa kuposa "off the light" kakhumi.

Kalembedwe kodula mawu, "bho", "zkm", "gud nyt", ndinkakamvetsa nthawi ya SMS, pamene uthenga umodzi unkalola zilembo 160 ndipo kupyola apo kunali kulipira kawiri. Lero pa WhatsApp malire amenewo kulibe, koma chala chinazolowera. Sindilimbana nazo. Zimene sindipirira ndi VN, uthenga wa mawu ojambulidwa uja, ya mphindi zisanu ndi ziwiri, yoyamba ndi moni wa banja lonse, tambala akulira kumbuyo, nkhani yake n'kukhala yoti msonkhano wasintha tsiku. Ndi uthenga uja wa mankhwala ochiza matenda onse, wa mandimu ndi adyo, umene umafika pagulu la mpingo, la banja ndi la anzathu a kusukulu tsiku limodzi. WhatsApp inaika malire mu 2019 kuti uthenga uzitumizidwa kwa anthu kapena magulu asanu okha nthawi imodzi. Azakhali anga anangoona kuti ndiye kuti azitumiza kasanu kasanu.

Mwaonatu, imelo yanu ija munailemba m'Chingerezi chosalala, chopanda ndi banga lomwe, ndipo ndachita kumasulira ndekha kuti owerenga amve. Yotsatira mundilembere m'Chichewa. Ndikufuna ndione ngati r ndi l mumaziika m'malo mwake, cholembera chofiira ndabwereka kale.