Khichini yowonjezera idya zingati? Asisi mwandikanda pachilonda

Asisi ena a ku Kapata, komboni ya kuno ku Chipata, andilembera imelo sabata yatha, ati amaphikira pakhonde, afuna kuwonjezera khichini kumbuyo kwa nyumba, ndiye ndiwauze ndalama zoti akonzekere. Asisi, ndinawerenga kawiri ndikuseka ndekha ngati wamisala, chifukwa funso lomweli ndinafunsa ine mu 2019 ndipo amene anandiyankha anandiuza mtengo wa makoma chabe, ngati kuti munthu amaphikira pakhoma.

Ine zinayamba ndi apongozi. Anabwera kuchoka ku Katete nthawi yamvula, anandipeza pakhonde ndikupatsa mphepo msana kuti mbaula isanyowe, mpoto wa nsima uku, mwana uku akukoka chitenje. Sanakalipe ayi. Anangoti "ooh, kansi mtauni mumaphika tere?" basi nakalowa m'nyumba. Mawu amenewo anandikhala pamtima miyezi, moti itafika nthawi yanga yolandira chilimba, ndalama zija timasonkherana n'kumalandira mosinthana, sindinaganize kawiri, ndinauza atate a ana kuti chaka chino khichini imangidwa, kaya mufune kaya musafune.

Anabweretsa mmisiri wina amene ankadziwana naye. Munthu anayeza malo ndi mapazi, tepi ili m'thumba, nati "zazing'ono izi amayi, masabata awiri mukhala mukuphikiramo." Tinaphikiramo patapita miyezi 7.

Cholakwa choyamba, ndipo ichi ndimadzida nacho mpaka lero, tinamulola kuboola khoma la nyumba tsiku loyamba lenileni kuti akuti chitseko chidziwike pomwe chili. Unali Okutobala. Faundeshoni itangotha anapempha theka la ndalama zake, tinapereka, Novembala mvula inagwa ndipo munthu anapita kumudzi kukadzala chimanga, foni osayankha. Ife tinatsala ndi chibowo kumbuyo kwa sitingirumu chotseka ndi lata limodzi ndi masaka, udzudzu kulowa ngati waitanidwa, atate a ana kugona pampando ndi chibonga poopa akuba. Ndipo mukudziwa Chipata wathu ndi wa m'mapiri, mvula ikagwa madzi amatsika ndi liwiro, ngalande ya faundeshoni inasanduka dziwe, mchenga umene tinagula theka unapita kwa aneba a kumunsi. Anakulungira nawo khonde lawo, sindinawafunse.

Atabwerera mu Janyuwale makoma anakwera msanga, apa sindinama. Makoma ndiye gawo lotchipa komanso lokondweretsa, anthu odutsa amati eeh mwalemera. Ndalama zinayamba kutha pamene khichini imakumana ndi nyumba yakale. Denga latsopano linalowa pansi pa malata akale, linakhala ngati lagona, ndipo pamalumikiziro sanaike fulashing'i, kalata kopinda kaja kotseka mpata wa khoma ndi denga. Mvula yoyamba madzi ankatsika pakhoma la mkati ngati mathithi. Tinaitana kalipentala wina, anazula malata onse, matabwa ena kusintha, misomali kugulanso, kulipira kawiri ntchito imodzi. Kenako mng'alu pakona pomwe khoma latsopano lagundana ndi lakale, chifukwa anangoliyedzamiritsa osalimangirira ndi waya, ndipo chipinda chatsopano chimakhazikika pansi pachokha pamene nyumba yakale inakhazikika kalekale. Kenako pulambala, mapaipi, sinki, dzenje lolandira madzi akuda chifukwa simungawatayire kwa aneba. Kenako wamalaiti, kaili stovu imafuna waya wake wonenepa ndi buleka yakeyake kuchokera pa bokosi, osati kungolumikiza pa soketi ya wailesi. Matailosi, siling'i, mabagla ba a pawindo, makabati. Makabati! Ndinalira m'shopu ya kalipentala anthu akuona.

Ndiye ndikamva munthu akuti "ndikungowonjezera kachipinda kamodzi" ndimakwiya. Khichini si chipinda chogona. Muli madzi, muli moto, muli magetsi, zonse zodula za nyumba zimakumana mmenemo, ndipo mmisiri amene akupatsani mtengo asanakwere padenga kukaona mmene malata anu anagonera ameneyo muthamangitseni, ngakhale akhale wa kutchalitchi kwanu, makamaka akakhala wa kutchalitchi kwanu chifukwa simudzatha kumukalipira.

Chinanso chimene palibe amanena. Azimayi timamanga khichini ya pa Facebook, yoyera mbee, yoikamo mapoto a pa kitchen party aja sitinawagwiritsepo ntchito. Koma nyemba mumaphika kuti? Ndani amayatsa stovu maola atatu chifukwa cha nyemba, mayunitsi ake ati? Mu 2024 madzi atatsika ku damu la Kariba, komwe amapangira magetsi, chifukwa cha chilala malaiti ankapita tsiku lonse, khichini yanga yokongolayo inasanduka sitolo yosungiramo ufa ndi zigubu za madzi, ine ndinabwerera pambaula panja, pamalo pomwe apongozi anandipeza paja. Ndipo mbaula m'chipinda chotseka musayerekeze, mpweya wa malasha sununkha koma umapha. Choncho ine manje ndimanena mosabisa, khichini ya kuno kwathu yopanda kakhonde kofolera pakhomo lakumbuyo ndi kutaya ndalama. Chepetsani matailosi, siyani makabati adzabwera, koma kakhondeko kakhalepo. Apongozi atabweranso anayang'ana khichini yonse, kugwiragwira sinki, nakakhala panja pamphasa pafupi ndi mbaula kusenda nshawa zotendera chibwabwa.

Manje ku funso lanu

Mtengo wa simenti umasintha, kaya ndi Dangote kaya Chilanga, ndiye ndikupatsani kuchuluka kwa katundu, inu mutenge pepala mutsike ku Down Shops mufunse mashopu atatu muchulukitse nokha. Tinene khichini ya mamita 3 kwa 4 yotsamira pakhoma lakale, makoma atsopano ndi atatu, kutalika konse mamita 10. Mabuloko a 6 inchi amalowa 12 ndi theka pa sikweya mita, ndiye ndi faundeshoni ndi osweka omwe muwerengere cha m'ma 400. Silabu yokha ya masentimita 10 idya matumba a simenti 7 kapena 8, osawerengera ya pansi pa faundeshoni, yomangira ndi ya pulasitala. Njerwa zowotcha zimaoneka zotchipa koma zimamwa simenti yambiri pomanga ndi popaka chifukwa sizilingana. Ndalama imene mwapeza ya makoma ndi denga, kwa ine inali theka chabe la zonse.

Pulani ipite ku kanselo musanakumbe, lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015 limafuna chilolezo ngakhale powonjezera, ndipo ngati mapepala a pulotiyo sali m'dzina lanu yambani mwakonza zimenezo. Yambani kumanga mu Meyi mvula itatha. Mmisiri mumulipire gawo ndi gawo akamaliza, katundu muzigula nokha. Khoma lakale liboolodwe pomaliza, denga ndi chitseko chakunja zili kale.

Munditumizire chithunzi cha kumbuyo kwa nyumbayo asisi, makamaka pomwe malata athera, ndione ngati denga latsopano lipeza potsetserekera.